Kodi mumadziwa kuti mzere wa pa boda ya Mchinji uli ndi masamu akeake?

Kodi mumadziwa kuti pali anthu amene analemba mabuku athunthu, ena mpaka kutengerapo madigiri, pophunzira kuima pa mzere? Mzere womwewu wa ku chigayo, wa pa mjigo, wa pa windo lodindira mapasipoti pa boda. Phunziro limeneli si la dzulo kapena dzana, latha zaka zoposa 110.

Anayambitsa ndi Agner Krarup Erlang, mwana wa mphunzitsi wa kumudzi ku Denmark. Atalembedwa ntchito pa kampani ya telefoni mumzinda wa Copenhagen, anapeza funso limene linkasowetsa tulo mabwana ake: tiike mawaya angati kuti anthu asamalephere kuimba? Yankho loyamba analitulutsa mu 1909, ndipo n'zosadabwitsa, poti mayeso oyambirira a ku yunivesite ya mumzindawo anakhoza ali ndi zaka 14 zokha.

Munthu wake sanali wongokhala mu ofesi. Ankayenda m'misewu ndi wantchito womunyamulira makwerero, n'kumatsikira m'maenje a mawaya kukayeza yekha. Anamwalira mu 1929 ali ndi zaka 51, koma mpaka lero kuchuluka kwa mafoni pa netiweki amakuyeza m'ma erlang, monga momwe ife timayezera mtedza pa makilogalamu.

Tamvani zimene anapeza mu 1917. Tiyerekeze kuti mafoni a m'mudzi mwanu ndi okwana kudzaza waya mmodzi tsiku lonse: mukaika mmodzi yekhayo, theka la oimba lipeza wina ali kale pa foni. Mukaika awiri olephera amatsika kufika 20 pa 100 alionse, ndipo mukaika asanu amatsala atatu okha pa 1,000!

Nanga kubwera kwa anthu amakuwerengera bwanji, poti aliyense amadzuka nthawi yake? Anthu ambiri osapangana akamachita chinthu aliyense payekha, chiwerengero chawo chimatsata lamulo limene Siméon Poisson wa ku France analemba mu 1837. Mu 1898 Ladislaus Bortkiewicz analiyesa ndipo linagwirizana bwino ndi nkhani yosayembekezeka: asilikali a ku Prussia ofa atamenyedwa theche ndi akavalo, anthu 196 m'zaka 20.

Tsopano tiyeni kwathu. Mchinji ili makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M12, ndipo kale azungu ankaitcha Fort Manning, pamene Chipata tsidya linalo ankaitcha Fort Jameson. Pa kalembera wa 2018 m'bomali munapezeka anthu 602,305.

Kodi mumadziwa kuti mu Disembala 2022 boda imeneyi inasintha kayendetsedwe kake? Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi mnzake wa ku Zambia, Hakainde Hichilema, anatsegula chipata cha Mchinji ndi Mwami chimene ogwira ntchito a mayiko onse awiri amathandizira anthu pamalo amodzi. Kale munthu ankaima kawiri, potuluka ndi polowa, koma tsopano amaima kamodzi.

Kwa wamasamu nkhani imeneyi ndi yokoma kwambiri. Mizere iwiri yotsatizana imaphatikiza kuchedwa kwake, ndipo woyambawo ukataya anthu ambiri nthawi imodzi, wachiwiri ndiye umatsamwa. Muno mu Africa njira yoima kamodziyi inayambira pa Chirundu, malire a Zambia ndi Zimbabwe, mu 2009, zaka 13 isanafike kwathu kuno.

Tiyeni tiime pa windo limodzi. Kalaliki amatenga mphindi 5 pa munthu, wina zocheperapo wina zochulukirapo, choncho pa ola angathandize anthu 12. Pakamabwera anthu 6 pa ola mosapangana, aliyense amathapo mphindi 10, kudikira ndi kuthandizidwa komwe.

Nanga pakamabwera anthu 11 pa ola? Kalaliki akadali ndi mphamvu, poti malire ake ndi 12, ndiye mungaganize kuti zinthu zingosintha pang'ono. Ayi ndithu, anthu sanawirikize ngakhale kawiri, koma nthawi yachoka pa mphindi 10 kufika pa mphindi 60!

Onani mmene mzere umakwerera. Kalaliki akamatanganidwa theka la nthawi yake, pa windo pamakhala munthu mmodzi. Akatanganidwa 80 pa 100 pamakhala anayi, pa 90 pamakhala 9, pa 95 pamakhala 19. Mukamufinya mpaka 99 pa 100, m'chipindamo mumadzaza anthu 99.

Ndiye mukaona kalaliki wakhala kamphindi wopanda womuthandiza, musafulumire kunena kuti boma likulipira ulesi. Kampata kameneko ndi kamene kamameza anthu akabwera ambiri mwadzidzidzi. Ofesi yopanda kampata ili ngati ndowa yodzaza kale mpaka kukamwa mvula isanayambe.

Koma pa boda anthu sabwera mmodzimmodzi, ndipo apa ndi pamene nkhani yagona. M'holomo mumakhala zii, wodinda akuyang'ana kunja, kenako basi yochokera ku Lusaka yaima, chitseko n'kutseguka. Amayi a mitolo ya zitenje, anyamata a zikwama kumsana, agogo ogwira chiphaso ndi manja onse awiri, onse khamukhamu pa windo m'mphindi imodzi.

Tiwerengere limodzi. Anthu 60 atsika basi, wodinda ndi mmodzi, ndipo aliyense akutenga mphindi 2. Woyamba sadikira n'komwe, wapakati amadikira pafupifupi ola, womaliza amafika pa windo patatha mphindi 118.

Tengani anthu 60 omwewo, wodinda yemweyo, chidindo chomwecho, koma azifika mmodzi pa mphindi 2 zilizonse. Ntchito ithabe m'maola awiri omwe aja, osachepera osapitirira. Koma odikira ndi angati? Palibe ndi mmodzi yemwe!

Kodi mumadziwa kuti ngakhale minibasi imasokoneza chimodzimodzi? Taona kuti kalaliki wotanganidwa theka la nthawi amakhala ndi munthu mmodzi pa windo, anthu akamabwera payekhapayekha. Anthu omwewo akamafika 15 nthawi imodzi, ntchito ya tsiku siwonjezereka ngakhale pang'ono, koma pa windo pamakhala anthu 8.

Pali kachinyengo kena m'mawerengero a magulu. Tinene kuti m'mawa mwafika magulu 10: anthu 9 oyenda pansi aliyense payekha, ndi basi imodzi ya anthu 61, ndiye pa pepala gulu lililonse ndi la anthu 7 basi. Koma funsani anthuwo mmene anafikira, mupeza kuti 61 mwa 70 anafika m'chipiringu.

Ndipo magulu aakulu a pa boda iyi ali ndi kalendala yawo. Loweruka lomaliza la Ogasiti Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amapita ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, ku Katete, ndipo kumapeto kwa Febuluwale Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala ya Inkosi ya Makosi Mpezeni. Mafumu, azilombo, oimba ng'oma, amayi a chisamba, onse pa mabasi ndi malole otsatizana: gulu lodziwika tsiku lake miyezi 12 lisanafike.

Gulu lodziwika ndi losavuta kulikonzekera, mumangotsegula mawindo ena tsikulo. Lovuta ndi la nyengo yokolola, pamene mathiraki a soya, mtedza ndi chimanga amayenda mondondozana ngati linthumbu. Nayo njanji ya Mchinji kupita ku Chipata, imene inatsegulidwa mu 2010, ili ndi masamu omwewo: sitima imodzi ya mabogi 20, kwa woyendera katundu, ndi makasitomala 20 ofika pa mluzu umodzi.

Kodi mumadziwa kuti Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji konkuno mu 2006? Taganizirani tsiku lolandira la anthu 200, aliyense mphindi imodzi pa tebulo, onse atafika mbandakucha: munthu wamba pagulupo amadikira pafupifupi mphindi 100. Aitaneni midzi inayi, anthu 50 ola lililonse, kudikira kumatsika kufika pafupifupi mphindi 25.

Nzeru yogawa nthawiyi inayesedwa kalekale m'zipatala. Mu 1952 Norman Bailey wa ku Britain anaona odwala akuitanidwa onse m'mawa n'kumakhala pa benchi mpaka masana, ndipo anawerengera njira ina: aliyense apatsidwe nthawi yake. Kuti dokotala asakhale manja lende poyamba, ingoitanani odwala awiri pa nthawi yotsegulira, ena onse mmodzimmodzi.

Tsopano mpanda. M'mabuku mzere ungatalike mpaka kalekale, koma pansi pano bwalo loimika mathiraki lili ndi geti, wodi ili ndi mabedi owerengeka, benchi ili ndi mathero. Malo akadzaza mlonda amatseka, ndipo funso la wamasamu limasintha: salinso kufunsa kuti mudikira nthawi yaitali bwanji, koma kuti abwezedwa angati pa 100.

Tengani bwalo limene ogwira ntchito ake amatanganidwa 80 pa 100. Likakhala la malo 5, mathiraki 9 pa 100 alionse amapeza geti lotseka. Likakhala la malo 10, amatsika kufika awiri pa 100. Lifikitseni malo 20, obwezedwa amakhala awiri pa 1,000.

Zimakoma kumva, eti? Koma onani zikafika poti mathiraki akubwera ofanana ndendende ndi mphamvu ya ogwira ntchito: bwalo la malo 9 limabweza imodzi mwa 10, la malo 19 imodzi mwa 20, la malo 99 imodzi mwa 100. Mtengo wake ndi wakuti bwalolo limakhala lodzaza theka, ndiye mukalikulitsa kawiri, kudikira m'katimo kumawirikizanso pafupifupi kawiri.

Ndipo pali pamene simenti sithandiza konse. Mathiraki akamabwera kuwirikiza kawiri mphamvu ya oyendera katundu, mangani bwalo lalikulu ngati la mpira, lidzadzabe. Kaya malo ndi 50 kaya 500, otsala kunja amakhala theka.

Thiraki yobwezedwa pa geti sisungunuka ngati mchere. Imaima m'mbali mwa msewu, ina kumbuyo kwake, madalaivala n'kuyatsa mbaula pansi pa ngolo kuphika nsima. Ngati iliyonse itenga mamita 20, mathiraki 50 okha ndi kilomita yathunthu.

Nali funso limene akatswiri alembapo mapepala ambiri, pomwe kondakitala aliyense amaliyankha tsiku ndi tsiku. Banja la anthu asanu lafika pa siteji, mipando yatsala itatu: akwere atatu, awiri atsale, kapena onse adikire ina? Masamu ali ndi njira zonse ziwiri, kulandira gawo la gulu kapena kulibweza lonse, ndipo mayankho ake amasiyana ngati mvula ndi dzuwa.

Mukamalandira gawo, mpando sukhala wopanda munthu, koma mabanja amagawikana. Mukamabweza gulu lonse, galimoto imanyamuka ndi mipando itatu yopanda kanthu, ndipo woyenda yekha amakwera mosavuta pamene banja lalikulu likuotha dzuwa. Woyenda yekha amafuna mpata umodzi, banja lija limafuna mipata isanu pa nthawi imodzi.

Chosangalatsa n'chakuti mpanda umathandiza wowerengera. Popeza malo ali ndi malire, zochitika zonse n'zowerengeka: m'bwalo muli thiraki imodzi, ziwiri, mpaka 50, ndipo woyendera alipo kapena wachokapo. Zonse pamodzi ndi masamu pafupifupi 100 olumikizana, amene kompyuta imamaliza musanameze tiyi.

Mwamva mawu akuti "wachokapo"? Amenewo ndiwo mutu wachitatu pambuyo pa magulu ndi mpanda, ndipo akatswiri anaupatsa dzina loseketsa pang'ono: tchuthi. Sakunena zopita kunyanja, koma nthawi iliyonse imene windo lili pomwepo koma silikuthandiza: wapita kukadya nkhomaliro, watuluka kukayendera thiraki, magetsi azima, netiweki yagwa, ngakhale loboti yofiira ya mu Lilongwe ndi tchuthi cha masekondi angapo.

Yonatan Levy ndi Uri Yechiali a ku Israel analemba za nkhaniyi mu 1975, pofuna kudziwa ngati wantchito angagwire zina pamene pa windo palibe munthu. Pali wochoka kamodzi, amene akabwera n'kupeza palibe munthu amakhala pansi kudikira. Palinso wochoka mobwereza, amene akasuzumira n'kupeza zii amabwereranso komwe anali, kawiri, katatu, kanayi.

Tengani wachiwiriyu. Akamachoka mphindi 20 ndendende nthawi iliyonse imene mzere watha, masamu amati kudikira kwa anthu kumawonjezereka ndi theka la nthawiyo. Pa zimene mukanadikira kale, onjezanipo mphindi 10.

Tsopano gwirani mpando. Mnzake amachoka mphindi 10 zokha maulendo 9, koma ulendo wa 10 amasowa mphindi 110, ndiye pa pepala nayenso amachoka mphindi 20 pa ulendo. Koma kwa odikira, zowonjezera zija sizilinso mphindi 10, zafika mphindi 32 ndi theka!

Zimatheka bwanji? Mpata wautali umakola anthu ambiri kuposa waufupi, monga momwe khoka lalikulu limakolera usipa wambiri, ndiye inuyo kawirikawiri mumagwera mu wautaliwo. N'chifukwa chake minibasi zikamadutsa mosapangana, imodzi pa mphindi 10, simudikira mphindi 5 monga mungaganizire, mumadikira 10 zathunthu.

Ine pamenepa ndili ndi mbali yanga. Wantchito ndi munthu, ayenera kudya, kupemphera ndi kupuma, ndipo masamu sakutsutsa zimenezo ngakhale pang'ono. Chimene chimapweteka odikira ndi kupuma kosadziwika mathero ake, ndipo kusunga nthawi yolembedwa pa kapepala ka pa windo, "Ndibwera 1 koloko", kungadule kudikira kowonjezerako kuposa katatu.

Kodi mumadziwa kuti palinso tchuthi chogwira ntchito? Leslie Servi ndi Steven Finn anachifotokoza mu 2002: wothandiza sachokeratu, amangotsitsa liwiro. Ndi zija zimachitika kompyuta ikakana, kalaliki n'kutulutsa buku ndi cholembera, kumathandiza anthu atatu pa nthawi imene akanathandiza 10.

Tiyeni ku chigayo cha dizilo cha kumudzi. Mayi woyamba wafika ndi ndowa ya mphale, waitula, wakhala pa chitenje pansi pa mtengo wa mango, koma wogayitsa akungopukuta manja ndi kansanza. "Tadikirani pang'ono, mayi, abwereko anzanu," akutero, chifukwa kuliza injini pa ndowa imodzi n'kuwotcha dizilo wa ndowa zisanu.

Mnyamata ameneyu mwina sanamvepo za Micha Yadin ndi Pinhas Naor, koma akutsata lamulo limene iwo analilemba mu 1963: osayamba ntchito mpaka odikira akwane nambala yakutiyakuti. Akamadikira anthu asanu, ndipo anthu akubwera mmodzi pa mphindi 10, mayi woyamba uja amakhala mphindi 40, womaliza sakhala n'komwe. Dizilo wapulumuka, koma tikagawa mofanana, aliyense walipira mphindi 20.

Nawo magalimoto a pakati pa boma ndi boda, mtunda wa makilomita pafupifupi 12, sanyamuka asanadzaze. Apa gulu silikubwera, likupangidwa pa siteji pomwepo, kenako likatsitsidwa lonse pa windo lija. Ndiye wokwera woyamba angakhale m'galimoto yoima nthawi yaitali kuposa ulendo weniweniwo.

Nanga zitatu zonsezi zikakumana? Holo ndi ya anthu 40, windo latsekedwa theka la ola, m'nthawi imeneyo mwalowa minibasi ziwiri za anthu 30 onse pamodzi, kenako basi ya anthu 60 yatulukira. Chilichonse pachokha chikanapiririka, koma pamodzi zasiya panja padzuwa anthu 50.

Mwamwayi mankhwala ena ndi aulere. Mawindo awiri otanganidwa 80 pa 100, lililonse ndi mzere wakewake, amakhala ndi odikira oposa 6 onse pamodzi. Ikani chingwe, mzere ukhale umodzi, wotsogola azipita pa windo limene latseguka: odikira amatsika osakwana atatu.

Ndipo munadzifunsapo chifukwa chimene mzere wa anzanu umaoneka wothamanga nthawi zonse? Si tsoka, ndipo palibe wakulodzani. Kulumphira uku ndi uko n'kuja amati mapanga awiri avumbwitsa. Mizere ikakhala itatu yofanana, mwayi woti wanu ndiye wothamanga kwambiri ndi umodzi mwa itatu.

Mankhwala ena ali m'thumba mwanu. Felix Pollaczek ndi Aleksandr Khinchin anasonyeza cha m'ma 1930 kuti mzere umatalika kwambiri nthawi yothandiza ikamasinthasintha, uyu mphindi imodzi, uyo kotala la ola akufufuza chiphaso pansi pa chikwama. Aliyense akamatenga nthawi yofanana, mapepala ali kale m'manja, kudikira kumadulidwa ndi theka.

Kodi woyamba kufika aziyamba nthawi zonse? Ku chigayo kuja, bambo wa matumba asanu afuna mphindi 50, mtsikana wa kandowa afuna mphindi 5: akayamba bamboyo, mtsikana adikira mphindi 50. Akayamba mtsikanayo, bambo adikira mphindi 5 zokha, ndipo nthawi yotayika yachepa ka 10.

Maganizo ofanana ndi amenewa ali kumbuyo kwa ndondomeko ya COMESA yofewetsa mapepala a amalonda ang'onoang'ono, imene imagwira ntchito pa boda ya Mchinji ndi Mwami. Mayi wa madengu awiri a tomato alibe chifukwa chotsatira njira yofanana ndi thiraki ya feteleza. Kuwaika pa mzere umodzi kuli ngati kuyeza mchere wa ndiwo pa sikelo ya fodya.

Ku chipatala lamulo limasinthanso, chifukwa kumeneko kudikira kungachotse moyo. Njira ya ETAT, yoyang'ana ana onse pa mzere n'kutsogoza wodwalitsitsa, inakulira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo bungwe la WHO linaifalitsa ku mayiko ena. Mwana wokomoka, ngakhale afike wa nambala 80, amakhala wa nambala 1.

Kodi mumadziwa kuti m'foni yanu mulinso boda? Chithunzi chimene mumatumiza pa WhatsApp chimadulidwa tizidutswa tambirimbiri, timene timafika pa makina a netiweki ngati anthu otsika basi, ndipo malo odikirira akadzaza, tina timatayidwa n'kutumizidwanso. Nayo foni imagona n'kudzuka pa kanthawi kochepa zedi kuti isunge batire, ndiye gulu, mpanda ndi tchuthi, zitatu zonse zili m'dzanja limodzi.

Leonard Kleinrock, mmodzi mwa makolo a intaneti, anali katswiri wa masamu a mizere omwewa. Uthenga woyamba pa netiweki ya ARPANET unachokera m'chipinda chake ku Los Angeles pa 29 Okutobala 1969, ndipo otumizawo anafuna kulemba LOGIN. Makina anagwa atangotumiza zilembo ziwiri: L ndi O.

Lamulo lomaliza ndi loti mupite nalo kunyumba, ndipo analitsimikiza John Little mu 1961. Chiwerengero cha odikira ndi chofanana ndi liwiro limene akudutsira kuchulukitsa ndi nthawi imene aliyense amathapo, ndipo limagwira kaya anthu abwera m'magulu, kaya pali mpanda, kaya kalaliki amachokachoka. Ngati m'bwalo mumakhala mathiraki 60 ndipo pa tsiku amatuluka 20, simufunika kufunsa dalaivala aliyense: amagonapo masiku atatu.

Ndiye ulendo wina mukadzaima pa boda, ku chigayo kapena ku banki, yesani nokha. Werengani anthu amene ali kutsogolo kwanu, kenako yang'anani wotchi muone amene akuchoka pa windo m'mphindi 10. Akakhala 24 kutsogolo ndipo akuchoka anayi, uzani wa kabaza adzakutengeni pakatha ola limodzi.